Mapanga Awiri Avumbwitsa, Kapena Kuyenda N'kuona?

Pa 15 Okutobala chaka chilichonse, achinyamata ambirimbiri ku United States amadzuka foni ili kale m'manja. Limeneli ndi tsiku limene sukulu za udokotala zimayamba kuuza ofunsira malo kuti zawatenga. Amene walandira uthenga wabwino amagwetsa misozi, amaimbira foni amayi ake, ndipo usiku umenewo amagona tulo tofa nato kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri. Kukacha, akayang'ana pa kalendala, amapeza kuti nkhani sinathe. Sukulu ina inamuitana ku intavyu ya mu Novembala, inanso ya mu Januwale, ndipo zonsezi anavomera nthawi imene analibe pogwira. Tsopano malo ali nawo. Kodi apitebe kukaonekera kwa enawo, kapena alembe kalata yothokoza n'kubweza mpatawo?

Kwa womvera patali, ili ndi dandaulo la munthu wokhuta. Koma funsoli limagawanitsa anthu oganiza bwino: alangizi a m'makoleji, makolo, ngakhalenso madokotala amene anadutsa njira yomweyi. Mbali iliyonse ili ndi mfundo zosati n'kuzipeputsa.

Kuti timve kumene mkanganowu ukuchokera, tiyambe taona mmene zinthu zimayendera kumeneko. Ku America munthu salowa sukulu ya udokotala akangomaliza sekondale. Amayamba watenga digiri ya zaka 4, n'kulemba mayeso a MCAT amene amatenga maola opitirira 7, kenako n'kutumiza fomu kudzera ku AMCAS, njira imene imayendetsedwa ndi AAMC, bungwe la sukulu za udokotala. Fomu ndi imodzi, koma imapita ku sukulu zambiri, ndipo sukulu iliyonse imasankha payokha osafunsa inzake. Mu 2023 anthu opitirira 52,000 anafunsira malo, aliyense ku sukulu pafupifupi 18, ndipo amene anayamba maphunziro anali pafupifupi 23,000. Oposa theka anatsala padzuwa.

Ku Malawi wofuna udokotala amayang'ana ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kusankha ophunzira a mayunivesite a boma kumachitikira pamodzi kudzera ku NCHE, moti dzina limatulukira malo amodzi. Ku America munthu mmodzi akhoza kulandira makalata atatu omuvomera pamene mnzake wa kalasi imodzi sanaitanidwe n'komwe. Mabanja a kwathu amene ana awo akukulira kumeneko amadzidzimuka nazo zimenezi.

Sukulu zambiri sizidikira kuti zione anthu onse zisanasankhe. Zimaitana ndi kufunsa mafunso pang'onopang'ono, kuyambira cha mu Ogasiti kapena Sepitembala mpaka Febuluwale kapena Malichi, n'kumatenga ophunzira kuyambira pa 15 Okutobala. Ndondomeko ya AAMC imalola munthu kusunga malo ku sukulu zingapo kwa kanthawi: pofika pa 15 Epulo atsale ndi zosapitirira zitatu, ndipo pofika pa 30 Epulo atsale ndi imodzi. Choncho palibe lamulo lomuletsa kupita ku intavyu ina, ndipo palibenso lomukakamiza. Nkhani yatsalira nzeru zake ndi chikumbumtima chake.

Amene akuti akane

Mfundo yawo yoyamba ndi ya mnzako amene sukumuona. Sukulu imodzi imalandira mafomu masauzande angapo, koma imaitana anthu mahandiredi ochepa okha, chifukwa masiku a intavyu ndi owerengeka ndipo ofunsa mafunso nawonso ndi owerengeka. Mpando uliwonse umene wakhalidwa ndi munthu woti mtima wake uli kale kwina ndi mpando umene wina akanakhalapo. Pofika Januwale, pali mnyamata kapena mtsikana amene wakhala akutsegula imelo m'mawa, masana ndi usiku kuyambira Ogasiti, osaona kanthu. Magiredi ake si oipa, wangotsalira pang'ono. Wina akabweza mpata wake nthawi ilipo, ofesi yosankha ophunzira ikhoza kuitana iyeyu. Wobwezayo wangopulumutsa Lachiwiri lake lina. Woitanidwayo mwina imeneyi ndi intavyu yokhayo ya chaka chonse, ndipo ikamudutsa adzadikira miyezi 12, kulipiranso mafomu, mwinanso kulembanso MCAT.

Yachiwiri ndi ya ndalama ndi nthawi. Pofika nyengo ya maintavyu, thumba limakhala litabooka kale. AMCAS imalipiritsa pa sukulu iliyonse imene wawonjezera, kenako sukulu zambiri zimatumiza fomu yawoyawo yachiwiri, nayonso ya mtengo wake. Mliri wa COVID-19 usanafike mu 2020, intavyu inkafuna tikiti ya ndege, hotela ndi suti, ndipo dzikolo ndi lalikulu: kuchoka ku Seattle kupita ku Miami ndi ulendo wa maola pafupifupi 6 mumlengalenga. Kuchokera nthawi imeneyo sukulu zambiri zinasamutsira maintavyu pa intaneti, ngakhale zina zinabwerera ku zoonana maso ndi maso. Koma ya pa kompyuta nayo si yaulere. Imadya tsiku la ntchito kapena la kalasi, kuphatikiza masiku ena okonzekera. Komanso nthawi imene ikuwonongeka si ya wofunsidwa yekha. Sukulu zambiri zimatsata njira ya MMI, imene inayambira ku McMaster University ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: wofunsidwa amazungulira m'zipinda zingapo, chilichonse mphindi zowerengeka, ndipo m'chipinda chilichonse amapeza nkhani yatsopano yoti aiganizire pomwepo. Njirayi imafuna ofunsa ambiri pa tsiku limodzi, ndipo ambiri mwa iwo ndi madokotala amene asiya odwala, ndi ophunzira amene asiya mabuku. Kuwasonkhanitsa onsewo kuti amvetsere munthu amene sadzabwera ndi kuseweretsa nthawi ya eni.

Yachitatu ndi ya chilungamo cha pakamwa. Pafupifupi intavyu iliyonse ili ndi funso loti: n'chifukwa chiyani mukufuna sukulu yathu ino? Amene akudziwa kale kuti sadzapondako ayankha bwanji? Akanena zoona, ulendo wake ndi wachabe. Akakometsa pakamwa, ndiye kuti wayamba ndi bodza ntchito imene mawa lake idzafuna kuti aziuza odwala zoona zowawa. Ndipo madokotala amadziwana. Pakatha zaka 4, wophunzira yemweyu adzafunsira malo a residency, maphunziro a ukatswiri a m'chipatala, mwina ku chipatala cha sukulu yomweyo. Amene anakana mwaulemu sasiya chilonda. Amene anabwera n'kumayasamula, kapena amene anangosowa osatsanzika, ndi amene angakumbukiridwe.

Yachinayi ndi ya dyera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pali anthu amene akavomerezedwa kamodzi amayamba kutolera makalata ngati zikho za mpira, kungofuna kumva kukoma kofunidwa. Kalata iliyonse imene asunga mpaka kumapeto kwa Epulo imachedwetsa amene ali pa mndandanda wa odikira. Ena mwa odikirawo amaitanidwa mu Juni kapena Julayi, maphunziro atatsala milungu yochepa kuyamba, n'kumathamanga kufuna nyumba mumzinda wachilendo. Wotolerayo nayenso amadzisokoneza yekha. Sukulu zonse zovomerezedwa ndi bungwe la LCME zimapereka digiri yofanana ya MD, ndipo ophunzira ake amalemba mayeso amodzimodzi a USMLE. Ngati sukulu imene yakutenga ili m'chigawo chakwanu, fizi yake ndi yotsika, makolo ali pafupi, ndipo ndi imene unkailota, ukufunanso chiyani kwina? Mapanga awiri avumbwitsa.

Amene akuti apite

Mbali inayi imayambira pa mtengo. Kalata yovomera imabwera mu Okutobala kapena Disembala, koma kalata yonena za thandizo la ndalama, kuti sukulu ichotsapo zingati ndipo iwe ukongola zingati, nthawi zambiri imabwera cha mu Malichi kapena Epulo. Amene akukana maintavyu onse mu Novembala ali ngati munthu amene wavomera kugula munda asanamve mtengo, n'kubweza ena onse amene amafuna kumuonetsa minda yawo. Ndipo ndalama zake si zamasewera. Zaka 4 za sukulu ya udokotala, kuphatikiza nyumba ndi chakudya, zimapitirira madola 250,000 pa sukulu zambiri, ndipo omaliza amene anakongola amatuluka ndi ngongole ya madola pafupifupi 200,000. Ngongoleyi imapitiriza kubala chiwongoladzanja pa zaka 3 mpaka 7 za residency, nthawi imene malipiro amakhala ochepa.

Pa nkhani ya ndalamayi sukulu zimasiyana kutalitali. Mu 2018 sukulu ya udokotala ya New York University inachotsa fizi kwa ophunzira ake onse. Mu 2024 Albert Einstein College of Medicine ku Bronx inachita chimodzimodzi Ruth Gottesman atapereka mphatso ya madola 1 biliyoni, ndipo chaka chomwecho mphatso yofanana nayo yochokera ku Bloomberg Philanthropies inachititsa kuti ophunzira ambiri a udokotala ku Johns Hopkins asamalipire fizi. Sukulu zina zilibe mwayi wotere, koma zili ndi masikolashipu amene zimapatsa anthu amene zikuwafunitsitsa, ndipo sizingakupatse usanaonekere. Amene ali ndi makalata awiri amathanso kupempha sukulu imene akuikonda kuti iganizenso za thandizo lake, ataionetsa zimene inzake yalonjeza. Wa kalata imodzi amangolandira zimene wapatsidwa. Nkhaniyi yakula kuchokera pamene lamulo la mu 2025 linaika malire pa ngongole za boma: kuyambira mu Julayi 2026, wophunzira udokotala watsopano sangakongole kuboma zopitirira madola 50,000 pa chaka, kapena 200,000 zonse pamodzi. Zotsalazo azikazifuna kumabanki, kumene mfundo zake n'zolimba. Tsiku limodzi la intavyu likhoza kupulumutsa ndalama zimene dokotala akanakhala akubweza mpaka ana ake atayamba sukulu.

Mfundo yachiwiri ndi yoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa intaneti sukulu zonse zimafanana: nyumba zowala, ophunzira omwetulira atavala makoti oyera, mawu okoma onena za kutumikira anthu. Zenizeni zimamveka pocheza ndi ophunzira a chaka chachitatu, aphunzitsi atatuluka. Kodi zaka zoyamba amaika magiredi opikisanitsa anthu, kapena amangoti wakhoza kapena walephera? Kodi zipatala zophunzirira zili pafupi, kapena munthu amayendetsa galimoto ola lathunthu m'bandakucha, misewu itaundana ndi kuzizira? Wophunzira akadwala kapena akalephera mayeso, sukulu imamugwira dzanja kapena imamutaya? Amene alibe malo kwina saziona zimenezi, chifukwa mantha amamuphimba m'maso; iye akungofuna kuti amukonde. Amene kalata ali nayo kale amalowa ali wodekha, amafunsa mafunso olimba, ndipo amamva ngakhale zimene eni ake akuzizemba. N'zodabwitsa kutaya intavyu pa nthawi yeniyeni imene yayamba kupindulira wofunsidwa.

Sukulu zimasiyananso pa mtundu wa dokotala amene zikufuna kuumba. University of Washington imaphunzitsa madokotala a zigawo zisanu, Washington, Wyoming, Alaska, Montana ndi Idaho, ndipo ophunzira ake ambiri amadutsa m'zipatala za kumidzi. Howard ku Washington DC, Meharry ku Nashville ndi Morehouse ku Atlanta zili ndi mbiri yophunzitsa madokotala akuda ndi yotumikira madera amene kwa nthawi yaitali ankanyalanyazidwa. Zina mtima wake uli pa kafukufuku wa mu labotale. Digiri ikhoza kufanana, koma zaka 4 zimenezo sizifanana. Ndipo kuyambira mu Januwale 2022, pamene mayeso a USMLE Step 1 anasiya kupereka malikisi n'kumangoti wakhoza kapena walephera, ophunzira ambiri amaona kuti zinthu zina zalemera pofunsira residency: kafukufuku amene wachita, makalata a aphunzitsi okuchitira umboni, komanso ngati sukulu yako ili ndi dipatimenti ya ukatswiri umene ukuufuna. Wofuna kudzakhala dokotala wa maso kapena wa mafupa ali ndi chifukwa chomveka chokaonera sukulu imene ili ndi akatswiri amenewo pakhomo.

Yachitatu ndi yoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kalata ya mu Okutobala imabwera ndi zoyenera kukwaniritsa: kumaliza digiri, kutumiza zotsatira zomaliza, kufufuzidwa ngati unapalamulapo mlandu. Ambiri amadutsa popanda vuto. Chimene chimasintha kawirikawiri ndi moyo wa munthu mwini. Pakati pa Okutobala ndi Ogasiti pali miyezi 10, ndipo pa miyezi 10 kholo likhoza kudwala, kapena wokondedwa kupeza ntchito mumzinda wina. Sukulu imene mu Novembala inkaoneka yosafunika ikhoza kukhala yokhayo yoyandikana ndi chipatala chimene bambo agonekedwa. Ngakhale zipatala nazo zimasintha. Mu 2019 Hahnemann University Hospital ku Philadelphia, chipatala chachikulu chophunzitsira cha Drexel University, chinatsekedwa, ndipo madokotala opitirira 500 amene anali pa residency anayenera kufuna malo ena. Intavyu imene waikana siibweranso chaka chimenecho.

Nanga za mnzako wosaoneka uja? Mbali iyi imayankha kuti munthu mmodzi, ngakhale atatolera makalata asanu, pomaliza amakhala pa mpando umodzi wokha, ndipo inayo imabwerera kwa ena. Sukulu zimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zimatenga anthu ambiri kuposa malo amene zili nawo ndi kusunganso mndandanda wa odikira. Palibenso lonjezo loti mpata umene wabweza upatsidwa kwa wina. Ndipo sukulu zomwezo zimasunga ofunsira miyezi yambiri osawauza kanthu, zikuyerekeza uyu ndi uyo, popanda kupepesa. Ngati sukulu ili ndi ufulu wosankha pakati pa anthu masauzande, wophunzira alekeranji kusankha pakati pa sukulu ziwiri kapena zitatu? Pali chinanso chowawa. Amene amafulumira kukana chifukwa chothokoza akhoza kukhala mwana woyamba m'banja lake kufika pamenepa, woleredwa kuti ukapatsidwa ulandire ndi manja awiri osafunsa zambiri. Mwana wa dokotala amadziwa kale kuti kuyerekeza ndi kupempha n'kololedwa. Kulalikira kudzichepetsa kwa amene akusowa kwambiri thandizo la ndalama kumangowonjezera kusiyana kwa awiriwa.

Pamene mbali ziwirizi zikukumana

Ukamvetsera bwino, mbali ziwirizi sizikunena za munthu mmodzi. Oyambawo akuona munthu amene wasankha kale koma akupitiriza kuyendayenda. Achiwiriwo akuona munthu amene akuyesa kuti wasankha, chonsecho mtengo sanaumve ndipo mkuyu sanaung'ambe. Anthu onse awiriwa alipo, ndipo langizo lothandiza mmodzi likhoza kupweteka mnzake.

Mfundo yoti munthu amakhala pa mpando umodzi ndi yoona pa malo a m'kalasi, koma siyankha za intavyu. Malo a m'kalasi amabwerera mu Epulo. Tsiku la intavyu likapita lapita, ndipo amene sanaitanidwe safika n'komwe pa mndandanda wa odikira. Apa oti akane ali ndi mfundo imene anzawo sanaigwetse. Koma oti apite nawonso ali ndi yawo yosagwedezeka: palibe amene ayenera kusenza ngongole yaikulu kwa zaka zambiri chifukwa chochita manyazi kukhala pa mpando umene anauvutikira yekha.

Ine ndikuona kuti funso lothetsa nkhaniyi ndi limodzi, bola munthu asadzinamize poliyankha. Sukulu iyi itanditenga mawa, n'kundipatsa thandizo lalikulu limene ingathedi kupereka, kodi ndingasiye malo amene ndili nawo n'kupita kumeneko? Mawu oti "ingathedi" asawadumphe. Sukulu ya boma ya chigawo china, imene imalipiritsa alendo fizi yokwera kuposa eni chigawo, n'zokayikitsa kuti ingatchipe kuposa ya kwanu. Kudikira chozizwitsa kumeneko ndi njira yongozembera kusankha.

Yankho likakhala inde, mtsutso palibe: apite. Likakhala lakuti sindikudziwa, apitenso, chifukwa intavyu inakonzedwera amene sakudziwa, ndipo kukayika koona si dyera. Koma likakhala ayi wosachita kuganizira kawiri, mwina chifukwa mzindawo uli kutali ndi mwana wake, kapena sukuluyo anangoilemba ngati pothawira zinthu zikavuta, zifukwa zotsalazo n'zopepuka. Ena amati ndipite kuti ndizolowere mafunso pokonzekera intavyu ya sukulu imene ndikuifunadi. Mafunso amazolowereka ndi mlangizi wa pakoleji kapena mnzako patebulo, sipafunika mpando umene wina akuulirira. Ena amati ndingoona ngati anganditenge. Imeneyo ndi njala ya kutamandidwa, ndipo siikhuta. Enanso amapita chifukwa makolo akufuna dzina la sukulu lomveka bwino pouza achibale. Makolo ayenera kumveredwa, makamaka ngati ndalama zina zikuchokera kwa iwo, koma amene adzakhale mumzindawo zaka 4 ndi kusayina ngongole ndi mwanayo. Funso lija ayankhe ndi iye.

Asanakane, atsimikize zinthu zitatu. Kuvomerezedwa kwake kukhale kolembedwa, kusakhale kwa pafoni pokha. Dipoziti, ngati ikufunika, ikhale italipiridwa. Ndipo asasokoneze kukhala pa mndandanda wa odikira ndi kutengedwa, chifukwa wodikira malo alibe. Amene ali pa mndandanda wotere asaphonye intavyu ngakhale imodzi.

Kakanidwe nakonso kali ndi ulemu wake. Malangizo a AAMC amapempha ofunsira malo kuti azidziwitsa sukulu msanga akasintha maganizo. Msanga ndiye kuti tsiku lomwe wasankhalo, makamaka patatsala milungu iwiri kapena itatu, kuti ofesi ipeze nthawi yoitana wina ndipo winayo apeze nthawi yokonzekera. Mizere itatu ya imelo ndi yokwana: kuthokoza chifukwa choitanidwa, kunena kuti wavomera malo kwina ndipo ukuchotsa fomu yako, ndi kuwafunira zabwino. Sipafunika kufotokoza chimene sukulu yawo yakuipira. Maofesi amenewa amalandira makalata otere chaka ndi chaka ndipo sadabwa nawo. Ngati kalata yovomera yafika intavyu inayo itatsala masiku awiri, aimbe foni pomwepo, apo ayi apite ndi makutu otseguka. Chosayenera ndi kukhala chete. Mpando wopanda munthu m'mawa wa intavyu, ofunsa atakhala kale, ndiwo umapweteka onse. Wochita zimenezi waphonya zabwino za mbali zonse ziwiri: sukulu sanaione, mnzake sanamuthandize.

Tibwerere kwa uja wadzuka pa 16 Okutobala ali ndi maintavyu awiri pa kalendala. Mwina ya mu Novembala ndi ya sukulu imene ili ndi masikolashipu ambiri, mumzinda umene mchemwali wake akukhala. Imeneyo aisunge, akonzekere ndi mtima wonse, ndipo akadzafunsidwa chifukwa chimene akufunira sukuluyo adzayankha zoona. Ya mu Januwale ndi ya sukulu imene anaiwonjezera pa fomu usiku wina mu Juni chifukwa cha mantha, ndipo ngakhale atamulipirira zonse sangapiteko. Imeneyo aibweze lero lomwe, khofi asanazizire. Kwinakwake, m'chipinda cha lendi kapena pa nthawi yopuma kuntchito ya pa ambulansi, foni ya munthu amene sadzamudziwa ikhoza kulira sabata yomweyo.